MAI MARIE CURIE NDI NJERE ZA MOTO ZOCHIZA KHANSA

Ambiri mwa inu mudaperekezapo mai, mlongo kapena mnansi ku chipatala cha pa boma la Mulanje, ndipo mudamva dotolo akutchula dzina loopsa lija la khansa. Ena mwa odwala otere amatumizidwa ku Blantyre kapena ku Lilongwe kuti, monga timanenera, akaotche chotupacho ndi makina. Pobwerako amasimba zodabwitsa: moto wake suoneka, ulibe utsi ngakhale lawi, komabe chotupa chimanka nichiphwa. Ena amasimbanso kuti madotolo adawalowetsa kachitsulo m'kati mwa thupi, pafupi peni-peni ndi nthendayo. Moto umenewu uli ndi mbiri yake. Amene adayamba kuugwira ndi manja ndi mai wina wa ku Poland, mwana wa aphunzitsi osauka, ndipo m'nyuzi ino tikusimbirani moyo wake, pakuti m'menemo muli phunziro limene lingapulumutse moyo wa wina m'mudzi mwanu.

Ubwana wake ku Warsaw

Maria Skłodowska adabadwa pa 7 Novembala 1867 mu mzinda wa Warsaw. Pa masiku amenewo dziko la Poland lidali litagawidwa pakati pa mafumu a Russia, Prussia ndi Austria, ndipo mzinda wa Warsaw udali m'manja mwa Russia. Ana m'sukulu ankakakamizidwa kuphunzira m'chinenero cha olamulirawo, ndipo kuphunzitsa mbiri ya Poland kudali mlandu. Bambo ake, a Władysław Skłodowski, adali mphunzitsi wa masamu ndi sayansi. Mai ake, a Bronisława, ankayendetsa sukulu ya atsikana yogonera komweko. Maria adali mzime mwa ana asanu.

Mavuto adalowa m'banjamo msanga. Akuluakulu a boma adawatsitsa udindo bambo aja chifukwa chokonda dziko lao, ndipo pofuna kudyetsa banja adayamba kusunga ana a sukulu m'nyumba mwao kuti azilipira. M'chaka cha 1876 nthenda ya tayifasi idalowa m'nyumbamo nipha Zofia, mwana woyamba. Patangopita zaka ziwiri, mu 1878, mai ao nawonso adamwalira ndi chifuwa chachikulu, Maria ali ndi zaka khumi zokha. Maiwo adali mkatolika wopemphera kwambiri ndipo adalera ana ao m'chikhulupiriro chomwecho. Koma maliro awiriwa adaswa mtima wa mwanayo, kotero kuti atakula adasiya kupita ku tchalitchi ndipo sadabwererenso.

Ku sukulu adali wanzeru zoposa. Adatsiriza maphunziro a sekondale mu 1883, ali ndi zaka 15, nalandira mendulo ya golide. Tsono njira idatsekeka, chifukwa yunivesite ya ku Warsaw sinkalandira akazi. Iye ndi mkulu wake Bronia ankapita ku maphunziro amseri ochitikira m'nyumba za anthu, lero kuno mawa uko, poopa apolisi. Pamapeto pake atsikana awiriwa adapangana chinthu chokongola: Bronia apite ku Paris kukaphunzira udotolo, Maria atsale agwire nchito namtumizira ndalama, ndipo Bronia akatsiriza adzathandize mng'ono wake.

Chotero mu 1886 Maria adapita ku mudzi wa Szczuki kukakhala mphunzitsi wa ana m'nyumba ya banja lina lolemera, limene linkayang'anira minda ikuluikulu ndi fakitale ya shuga. Atatha nchito yake ya tsiku, ankasonkhanitsa ana a anthu olima m'mindamo nawaphunzitsa kuwerenga m'chinenero chao, ngakhale ankadziwa kuti akagwidwa angamangidwe. Kumeneko adakondana ndi mwana wamwamuna wa mabwana ake, koma makolo a mnyamatayo adakana ukwatiwo chifukwa mtsikanayo adali wosauka. Iye adapirira manyaziwo nakhalabe pa nchito, pakuti mkulu wake ankadalira ndalama zake.

Ku Paris

M'chaka cha 1891, pa nthawi imene tiyi ankayamba kubzalidwa kuno ku Mulanje, Maria adakwera sitima ya pamtunda napita ku Paris, ndipo adalembetsa pa yunivesite ya Sorbonne ndi dzina loti Marie. Ankagona m'kachipinda ka pansi pa denga, kozizira kotero kuti madzi ankauma m'beseni usiku. Chakudya chake kawiri-kawiri chidali buledi ndi tiyi basi, ndipo nthawi zina ankakomoka ndi njala. Komabe mu 1893 adakhoza mayeso a sayansi nakhala woyamba pa onse, ndipo mu 1894 adakhala wachiwiri pa masamu.

Chaka chomwecho adakomana ndi Bambo Pierre Curie, mphunzitsi wa sayansi, munthu wofatsa ndi wosakonda kutchuka. Adakwatirana ku boma m'tauni ya Sceaux pa 26 Julayi 1895. Ndalama zimene adalandira pa ukwatiwo adagulira njinga ziwiri zakapalasa. Adabereka ana akazi awiri, Irène mu 1897 ndi Ève mu 1904.

Mwala wotulutsa cheza

Mu 1895 Mjeremani wina, Wilhelm Röntgen, adatulukira cheza chosaoneka chimene chimapyola mnofu nichionetsa mafupa, chija timachitcha X-ray. Chaka chotsatira Henri Becquerel wa ku Paris adapeza kuti mwala wa yureniyamu, mtundu wa mwala uja umapezekanso ku Kayelekera m'boma la Karonga, umatulutsa cheza cha mtundu wina pa wokha, popanda makina kapena kuusonkhezera. Anthu ochepa okha ndiwo adachita chidwi ndi nkhaniyi. Mai Curie adaisankha kuti aifufuze.

Poyesa miyala yosiyanasiyana ndi chipangizo chimene amuna ao adapanga pamodzi ndi mbale wao Jacques, adapeza chinthu chachilendo. Mwala wina wakuda wochokera ku migodi ya Joachimsthal ku Bohemia unkatulutsa cheza chochuluka kupambana yureniyamu yense amene adali m'menemo. Iwo adaganiza kuti m'mwalamo muyenera kuti mwabisala chinthu china chimene munthu sadachionepo. Bambo Curie adasiya kafukufuku wao nadzawathandiza. Mu Julayi 1898 adalengeza za chinthu choyamba nachitcha poloniyamu, pokumbukira dziko la Poland, ndipo mu Disembala chaka chomwecho adalengeza za chachiwiri, radiyamu.

Kulengeza kudali kwapafupi, koma kuti anthu akhulupirire padafunika kuchipatula chinthucho kuti achione ndi kuchiyeza pa sikelo. Adapatsidwa chisakasa cha matabwa chodontha, chotentha m'chilimwe ndi chozizira m'nyengo yachisanu. Zotsalira za ku migodi zija zinkabwera m'matumba, matani ndi matani. Mai Curie ankaziphika m'miphika ikuluikulu yachitsulo, makilogalamu 20 nthawi imodzi, navundula tsiku lonse ndi chitsulo chotalika pafupifupi msinkhu wao, monga amai amavundulira nsima ya pa maliro, utsi woipa uli kuwalowa m'maso ndi m'chifuwa. Adachita zimenezi pafupifupi zaka zinai. Mu 1902 adapeza mchere wa radiyamu wolemera gawo limodzi mwa magawo khumi a galamu, wochepa kuposa kamchere kotapa ndi nsonga za zala. Usiku timabotolo tao tinkawala m'chisakasamo ngati ziphaniphani.

Mu 1903 Mai Curie, amuna ao ndi Becquerel adalandira mphotho ya Nobel, ndipo iwo adakhala mkazi woyamba kuilandira. Akadafuna, akadalembetsa njira yao yopatulira radiyamu ku boma kuti ali yense woitsata aziwalipira, ndipo akadalemera koposa. Iwo adakana, nafalitsa njirayo poyera kwa ali yense wofunsa, poganiza kuti chinthu chothandiza odwala sichiyenera kutsekeredwa m'thumba la munthu mmodzi.

Moto umene umaotcha ungathenso kuchiza

Sipadapite nthawi, kudadziwika kuti radiyamu amaotcha thupi. Becquerel adapsa pakhungu chifukwa choyenda ndi kabotolo ka radiyamu m'thumba la chovala. Mu 1901 Bambo Curie adadzimangirira dala radiyamu pamkono kwa maora khumi, ndipo padabuka chilonda chimene chidatenga miyezi kuti chipole. Madotolo adaona msanga tanthauzo lake: ngati cheza chimenechi chipha mnofu wabwino, chingathenso kupha mnofu wodwala. Chaka chomwecho dotolo Henri Danlos wa pa chipatala cha Saint-Louis ku Paris adabwereka radiyamu kwa a Curie nayamba kuchizira zilonda za pakhungu.

Koma zotupa zambiri ziri m'kati mwa thupi, ndipo cheza chochokera kunja chiyenera kupyola khungu ndi ziwalo zabwino chisanafike pa nthendayo. Apa padathandiza khalidwe lina la chezacho. Mphamvu yake ndi yaikulu pafupi ndi gwero lake, koma imachepa msanga munthu akamatalikira: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvuyo imatsala gawo limodzi mwa magawo anai. Ziri ngati khala la moto, limene limaotcha chala choliyandikira koma munthu wokhala chapatali salimva nkomwe. Tsono nzeru idali yakuti khalalo liikidwe m'kati mwa chotupa momwemo, kuti lipsereze nthendayo nilisiye ziwalo zoyandikana nazo. Alexander Graham Bell, uja adatulukira lamya, adalemba maganizo otere mu 1903, ndipo chaka chomwecho dotolo wamkazi wa ku New York, Margaret Cleaves, adalowetsa kachubu ka radiyamu m'thupi la mai wodwala khansa ya khomo la chiberekero. Ku France mpaka lero chithandizo cha mtundu umenewu amachitchula ndi dzina la Curie.

Umasiye

Pa 19 Epulo 1906, tsiku la mvula, Bambo Curie adaterereka podumpha mseu mu Paris nagwera pansi pa ngolo yolemera yokokedwa ndi akavalo, ndipo adafera pomwepo. Mai Curie adatsala ndi ana awiri, wamng'onoyo asanakwanitse zaka ziwiri. Apongozi ao aamuna adawathandiza kulera anawo. Yunivesite idawapatsa mpando wa amuna ao, ndipo pa 5 Novembala 1906 adaima pamaso pa ophunzira, mkazi woyamba kuphunzitsa pa Sorbonne. Mu 1910 adapatula radiyamu weni-weni wosasakanizika ndi kanthu, ndipo mu 1911 adalandiranso mphotho ya Nobel. Chaka chomwecho chidali chowawa, pakuti bungwe lalikulu la sayansi la ku France lidakana kuwalandira, nyuzi zina zidawanyoza kwambiri ndi kuwatcha mlendo, ndipo adadwala impso nakhala nthawi yaitali osagwira nchito.

Atachira adapitiriza kumanga nyumba yofufuzira za radiyamu ku Paris, imene idatha mu 1914. Idali ndi mbali ziwiri: ina ya sayansi, yoyang'aniridwa ndi iwo eni, ina ya zachipatala, yoyang'aniridwa ndi dotolo Claudius Regaud. Dotolo ameneyu ndiye adaonetsa kuti cheza chopatsidwa pang'ono-pang'ono kwa masiku ambiri chimapha chotupa bwino ndi kusunga mnofu wabwino kupambana cheza chambiri chopatsidwa nthawi imodzi.

Nkhondo ndi kubadwa kwa njere

Nyumbayo itangotha, nkhondo yaikulu ya 1914 idabuka, nkhondo ija makolo athu ambiri adaisenzera katundu wa mtengatenga kunka ku Karonga ndi kupitirira. Adani atayandikira Paris, Mai Curie adanyamula radiyamu wa m'nyumba yao yofufuzira m'bokosi lolemera la mtovu napita naye pa sitima ku Bordeaux kukambisa. Atabwerako adaona asilikali ambiri akudulidwa miyendo kapena kufa chifukwa madotolo sankadziwa pamene chipolopolo chakhala. Adapempha magalimoto kwa anthu olemera, naikamo makina a X-ray, naphunzira kuyendetsa galimoto ndi kuikonza okha. Magalimoto otere adafika pafupifupi 20, ndipo adakhazikitsanso malo ounikirapo pafupifupi 200 m'zipatala. Mwana wao Irène, wa zaka 17, ankagwira nao nchito, ndipo onse awiri adaphunzitsa akazi pafupifupi 150 kuyendetsa makinawo.

Mu 1915 adakatenganso radiyamu uja, ndipo apa mpamene nkhani ya njere ikuyambira. Radiyamu amatulutsa mpweya wina wotchedwa radoni, umene nawonso uli ndi cheza champhamvu. Kusiyana kwake nkwakuti radiyamu amatenga zaka 1,600 kuti mphamvu yake ichepe ndi theka, pamene radoni amataya theka la mphamvu yake asanathe masiku anai, ndipo pakatha mwezi amakhala atazima pafupifupi kotheratu. Mai Curie ankakoka mpweya umenewu nautsekera m'timachubu tagalasi topyapyala, natitumiza ku zipatala, radiyamu mwini wake ali chikhalire kutulutsa mpweya wina, ngati ng'ombe yokamidwa tsiku ndi tsiku. Nchito imeneyi ankaigwira ndi manja ao, popanda chodzitetezera chokwanira.

Ku Dublin, John Joly ndi dotolo Walter Stevenson adali atayamba kale mu 1914 kuika timachubu ta radoni m'masingano ndi kubaya masinganowo m'chotupa. Ku chipatala cha Memorial ku New York adapitirira pamenepo: popeza radoni amazima yekha, adaona kuti timachubu tating'ono tingasiyidwe m'chotupamo kosatha. Vuto lidali lakuti galasi linkalola cheza china cholusa kudutsa nichiolesa mnofu wozungulira. Gioacchino Failla, amene adakaphunzira kwa Mai Curie ku Paris, adathetsa vutoli m'zaka za m'ma 1920 potsekera mpweyawo m'timachubu tagolide todulidwa tifupitifupi. Timeneti nditimene madotolo adatitcha njere, chifukwa amatibzala m'chotupa monga mlimi abzalira mbeu m'nthaka.

Zaka zotsiriza

Nkhondo itatha, mai amene adatulukira radiyamu adalibe ndalama zogulira wina, pakuti galamu imodzi inkagulidwa madola 100,000. Mtolankhani wina wa ku America, Marie Meloney, adamema akazi a m'dziko lake kuti asonkhe ndalamazo, ndipo pa 20 Meyi 1921 Pulezidenti Warren Harding adapereka mphatsoyo kwa Mai Curie ku White House. Mu 1929 adapitanso ku America nalandira ndalama zogulira galamu ina, imene adaipereka ku chipatala cha radiyamu cha ku Warsaw. Chipatalacho chidatsegulidwa mu 1932, ndipo wochiyang'anira adali Bronia, mkulu wao uja adapangana naye pa utsikana. Afrika nayenso ali m'nkhaniyi, pakuti kuyambira 1922 radiyamu wochuluka wa m'zipatala za pa dziko lonse ankachokera ku miyala ya mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo, ngakhale odwala a mu Afrika momwemo sadapindule naye pa nthawiyo.

Thupi la Mai Curie lidali litatha. Zala zao zidali zopsa ndi zong'aluka, maso adachita ng'ala nachitidwa opaleshoni kangapo, ndipo ankatopa kosalekeza. Mu Januwale 1934 adaona chimwemwe chao chotsiriza: Irène ndi mwamuna wake Frédéric Joliot adapeza njira yosandutsira zinthu wamba kuti zizitulutsa cheza, ndipo njere za masiku ano zidachokera pa nzeru imeneyi. Pa 4 Julayi 1934 Mai Curie adamwalira pa chipatala cha Sancellemoz ku mapiri a France, ali ndi zaka 66, mafupa ao atasiya kupanga magazi. Madotolo adati chidawapha ndi cheza chimene adakhala nacho zaka zambiri. Adaikidwa ku Sceaux pambali pa amuna ao, ndipo mu 1995 mafupa a onse awiri adasamutsidwira ku Panthéon, kumene France amaika anthu ake olemekezeka. Mabuku ao olembamo za kafukufuku akutulutsabe cheza mpaka lero, ndipo amasungidwa m'mabokosi a mtovu.

Chotupa chosowa mpweya

Padatsala funso limene Mai Curie adamwalira lisanayankhidwe bwino: bwanji zotupa zina zimafa ndi cheza, pamene zina, makamaka zikuluzikulu, zimaphwa kanthawi kenaka nkuphukanso? Kale mu 1909 dotolo Gottwald Schwarz wa ku Vienna adaona kuti akakanikiza radiyamu pakhungu mwamphamvu, magazi nkuthawa pamalopo, khungulo silinkapsa kwambiri. Yankho lomveka lidabwera ndi Louis Harold Gray wa ku England ndi anzake mu 1953: chimene chimathandiza cheza kupha ndi mpweya wa okosijeni, uja timapuma ndipo magazi amaunyamula kunka nao m'thupi lonse.

Thupi lathu lidamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo khansa ndi maselo amene ayamba kuswana mosalamulirika. Cheza chimavulaza selo m'kati mwake, pa ulusi uja umasunga malangizo a moyo wake. Pakakhala okosijeni, balalo limakhazikika ndipo selo limafa. Pakapanda okosijeni, selo limatha kudzisoka nilikhalanso ndi moyo. Nchifukwa chake maselo osowa mpweya amafuna cheza chowirikiza pafupifupi katatu kuti afe.

Mu 1955 Gray ndi dotolo R. H. Thomlinson adapenda zidutswa za khansa ya m'mapapo naona m'mene kusowa mpweyaku kumayambira. Chotupa chimakula msanga kupambana mitsempha yochidyetsa, monga mudzi wokula kuposa chitsime chake. Okosijeni wochoka mu mtsempha amangoyenda kamtunda kofanana ndi kunenepa kwa tsitsi ziwiri, kenaka watha. Maselo a pafupi ndi mtsempha amapuma bwino, a kutali kwambiri amafa okha, koma pakati pao pamakhala ena a moyo wolendewera, osafa koma osowa mpweya. Amenewa ndiwo amapulumuka cheza, ndipo makina akazima amadzukanso nameretsa chotupa chatsopano, monga chitsa chosazulidwa chimaphukira mvula ikagwa.

Apa mpamene njere zija zimaonetsa ubwino wake. Poyamba, zimaikidwa m'kati mwa chotupa, kotero kuti cheza chochuluka koposa chimagwera pomwepo pamene maselo ouma mutuwo abisala, muyeso umene ukadachokera kunja ukadaononga ziwalo zabwino. Chachiwiri, njere siziotcha kamodzi nkuleka, koma zimatulutsa cheza usana ndi usiku kwa milungu yambiri. Maselo opuma bwino akayamba kufa, mpweya umene ankadya umafika kwa aja adali kutali, ndipo akangoyamba kupuma cheza chimawapeza chikadalipo. Njere za masiku ano ndi zachitsulo, zazing'ono ngati njere ya mpunga, ndipo zambiri zimakhala ndi ayodini wotulutsa cheza, amene mphamvu yake imachepa ndi theka pa miyezi iwiri iri yonse. Zimagwira nchito kwambiri pa khansa ya prostate, kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo, m'mene dotolo amabzala njere makumi angapo motsogozedwa ndi makina ounikira. Komabe tisanamizane: ngakhale njere sizigonjetsa chotupa chiri chonse. Chotupa chikakula kwambiri, mbali yake yosowa mpweya imakulanso, ndipo chikamwazikira ku ziwalo zina, njere sizingachilondole.

Phunziro lake kwa ife

Kuno kwathu khansa imene imapha amai ambiri ndi ya khomo la chiberekero, ndipo Malawi ali m'gulu la maiko amene nthendayi yachuluka koposa pa dziko lonse. Chiwerengero cha bungwe la zaumoyo la pa dziko lonse cha chaka cha 2020 chidaonetsa kuti amai oposa 4,000 adapezeka nayo m'chaka chimodzi, ndipo pafupifupi 3,000 adafa. Pa nthenda imeneyi madotolo sasiya njere m'thupi. Radiyamu adalekedwa kale, ndipo m'malo mwake makina amalowetsa kanjere kamodzi ka cheza kupyolera m'kachubu, nikakhala pa khomo la chiberekero mphindi zowerengeka, kenaka makinawo nkukabweza. Wodwala akatuluka m'chipindamo satenga cheza chiri chonse kunka nacho kunyumba, choncho palibe chifukwa chomuopa kapena kumpatula pa mbale.

Kwa zaka zambiri Malawi adalibe makina a cheza, ndipo odwala ochepa amwai ankatumizidwa kunja, ena ku chipatala cha khansa cha ku Lusaka chimene chidatsegulidwa mu 2007, ena ku Tanzania, Kenya kapena India. Mu 2024 chipatala cha khansa chosakhala cha boma chidatsegulidwa ku Blantyre, ndipo mu 2025 boma lidatsegula chipatala chake chachikulu cha khansa ku Lilongwe, pa Kamuzu Central. Moto wa Mai Curie wafika tsopano pakhomo pathu.

Koma kumbukirani nkhani ya mpweya ija. Chotupa chaching'ono chimapuma bwino ndipo chimagonja msanga. Chotupa chimene chabisidwa chaka chathunthu chifukwa cha manyazi, kapena chimene chayendetsedwa kwa asing'anga poganiza kuti ndi matsenga, chimafika ku chipatala chitakula, m'kati mwake mutasowa mpweya. Ndiponso mai amene wataya magazi miyezi yambiri amakhala ndi magazi ochepa onyamula mpweyawo, ndipo madotolo adaona kale kuti odwala otere sachira bwino ndi cheza monga anzao. Mwezi uli wonse wozengereza ukulimbitsa mdani.

Tsono inu akatekisiti ndi atsogoleri a m'midzi, amene anthu amakumverani, thandizani pa zinthu zitatu. Mai ali yense woona magazi pa nthawi yosayenera, kapena atasiya kale kusamba, kapena atakhala pamodzi ndi mwamuna wake, kapenanso woona ukazi wonunkha wosaleka, apite ku chipatala msanga, ndipo mwamuna wake amperekeze. Amai amene sakumva kupweteka kuli konse apitenso kukayezetsa, pakuti pa chipatala cha boma cha Mulanje ndi pa Mulanje Mission anamwino amayeza khomo la chiberekero m'mphindi zochepa, ndipo akapeza chiyambi cha nthendayo amachithetsa chisanasanduke khansa. Potsiriza, atsikana alandire katemera woteteza ku kachirombo ka HPV kamene kamayambitsa khansayi, amene boma lidayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019.

Mai Curie adataya mai ao ali ndi zaka khumi, chifukwa cha nthenda imene pa nthawiyo idalibe mankhwala. Adavundula miphika ija zaka zinai, nakana kugulitsa chimene adapeza, nalipira ndi magazi a m'thupi lao. Mbali yao adaichita yonse. Mbali imene yatsalira ife ndi yopepuka kwambiri, ndiyo kufika ku chipatala nthawi ikadalipo, kuti ana a ku Mulanje asakule opanda mai ao chifukwa cha nthenda imene lero ingathe kuchizidwa.